Zabwino kumsewu, zotsalira mumphika: mafunso a kadyedwe pa Phalula

Phalula ali pamsewu wa M1, pakati pa Zalewa ndi Chingeni, m'boma la Balaka lomwe linapatuka ku Machinga mu 1998. Ndi dera lotentha, mvula yake ndi yanjomba, ndipo thonje, nandolo, khobwe, mapira ndi mbuzi zimapirira kuno kuposa chimanga. Msewu umabweretsa ndalama, koma umatenganso chakudya. Mtedza wosankhidwa bwino, mazira, nkhuku yonenepa ndi tomato wosabooka zimakwera basi kupita ku Blantyre ndi ku Lilongwe, pamene zotsalira pa lichero ndi zomwe zimalowa mumphika wa pakhomo. Mafunso ali m'munsimu ndi omwe amamveka kusikelo, kuchigayo ndi pamjigo.

Ana anga amadya nsima kawiri patsiku, sagona ndi njala. Nanga bwanji kusikelo akuti wamng'onoyu sakukula bwino?

Chifukwa kukhuta ndi kukula ndi zinthu ziwiri. Nsima imapereka mphamvu, koma yokha simanga mafupa, magazi ndi ubongo. Mwana angathe kukhuta tsiku ndi tsiku, osalira, osatupa, koma msinkhu wake n'kumatsalira m'mbuyo poyerekeza ndi zaka zake. Uku ndiye kupinimbira. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno anali opinimbira, kutsika kuchoka pa 47 mu 2010. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti mwa ana a miyezi 6 mpaka 23, ana 8 okha mwa 100 ndi amene ankadya zakudya zakasinthasintha kangapo patsiku monga zimafunikira.

Vuto la kupinimbira ndi loti silioneka ngati matenda. Pamudzi ana ambiri akakhala aafupi, timati ndi chibadwa, watengera agogo ake. Koma kuonongeka kwambiri kumachitika m'masiku 1,000 oyamba, kuchokera pomwe mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri, ndipo zikadutsa pamenepo n'kovuta kubwezeretsa.

Yang'anani phala lomwe mwanayo akudya. Ngati likuyenderera pasupuni, ndi madzi ambiri kuposa chakudya, ndipo kamimba ka mwana kamadzaza msanga. Phala likhale lolimbirako, muikemo nsinjiro, ufa wa soya kapena wa usipa wosinja, dzira, kapena supuni ya mafuta ophikira. Wa miyezi 6 mpaka 8 adye kawiri kapena katatu patsiku, wa miyezi 9 kupita m'tsogolo katatu kapena kanayi, kuonjezera pa bere ndi zotolatola monga nthochi kapena mbatata. Asanakwane miyezi 6, bere lokha basi, opanda madzi kapena dawale. Ndipo mwana akhale ndi mbale yakeyake, chifukwa m'mbale ya onse wamng'ono amapeza ndiwo zitatha.

Alangizi amanena za magulu asanu ndi limodzi a zakudya. Kuno kouma chonchi tingawapeze kuti?

Magulu ake ndi zokhutitsa, za mtundu wa nyemba, zochokera ku nyama, masamba, zipatso ndi mafuta. Akamatchulidwa pamsonkhano amamveka ngati nkhani ya anthu a m'tauni, koma ambiri mwa iwo ali kuseri kwa nyumba. Zokhutitsa si chimanga chokha: mapira, mawere, mbatata ndi chinangwa zili momwemo. Nandolo, khobwe, nzama ndi mtedza ndi gulu lachiwiri, ndipo ndi mbewu zomwe nthaka ya Balaka imazikonda. Gulu la nyama si ng'ombe: usipa, matemba, bonya, dzira, ngumbi, ziwala, mbewa ndi mkaka wa mbuzi wowiritsa zikukwana. Usipa uli ndi ubwino wina, timaudya ndi minga yomwe, ndiye umalimbitsa mafupa.

Pa zipatso dera lino ndi lolemera kuposa momwe eni ake amaganizira. Malambe ali ndi vitamini C wochuluka kuposa malalanje, ndipo ufa wake mukauthira m'phala litapola pang'ono umathandiza thupi kuyamwa ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba. Masau, bwemba, mango ndi mapapaya zimabwera nyengo zosiyanasiyana. Tiyi amachita zosiyana ndi malambe, amatsekereza ayironi, choncho mayi woyembekezera kapena wochepa magazi asamamwere tiyi pachakudya. Adikire kaye kwa ola limodzi.

Povuta ndi pa masamba m'miyezi ya Seputembala mpaka Novembala, kunja kutayera mbee. Yankho lake agogo athu analidziwa kale: mfutso. Nkhwani, chitambe, khwanya, bonongwe ndi chisoso zikachuluka m'dzinja, zifutseni pang'ono n'kuziyanika pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa la phwee lomwe limapha vitamini A, komanso osati pansi pomwe nkhuku zikupalasa. Mtengo umodzi wa cham'mwamba pakhomo umapereka masamba ngakhale m'chilimwe. Mbatata yofiira mkati, monga Kadyaubwerere, Chipika, Kaphulira ndi Zondeni, ili ndi vitamini A wambiri, ndipo kholowa wake ndi ndiwo. Za mbewuyi funsani alangizi a zaulimi a ku Phalula.

Mazira ndi mtedza timagulitsa kuti tipeze ya sopo ndi ya mchere. Kodi pamenepa talakwa?

Kugulitsa si kulakwa, nyumba siyenda popanda ndalama. Kulakwa kuli pa masamu. Dzira limodzi likagulitsidwa, ndalama yake kawirikawiri imathera pa kapaketi ka zokhwasula zotsekemera kapena kachakumwa kofiira, zomwe zimatseka mwana pakamwa koma m'thupi osaikamo kanthu. Ndaonapo mayi atanyamula dengu la mazira pamutu, kumbuyo atabereka mwana watsitsi lofiirira, lopyapyala, akunyambita kapepala ka zotsekemera. Dzira limodzi la m'dengumo likanachita zambiri kuposa zimenezo.

Za chikhulupiriro choti mwana akadya dzira amadwala kapena mayi woyembekezera adzabereka mwana wopanda tsitsi, palibe choona. Bola dzira lipse bwino. Ndipo abambo, nkhaniyi ndi yanunso, popeza m'makomo ambiri ndinu mumanena kuti matumba angati agulitsidwe. Musanayitane venda, patulani kaye nandolo ndi mtedza wa pakhomo, ndipo mupatule wabwino.

Chuku chimene chimanenedwa pa wailesichi n'choopsa motani? Si kale lomwe timadya chimanga chowola pang'ono?

Apa m'pofunika kukhazikika. Nkhungu ina yomwe imamera pa chimanga ndi mtedza, yotchedwa Aspergillus flavus, imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu alibe fungo lomwe mungalidalire, ndipo safa ndi moto wa pamafuwa. Mungakazinge mtedza, mungaphike nsima mpaka kupsereza, iye ali momwemo. Akalowa m'thupi pang'onopang'ono kwa zaka, amaononga chiwindi ndipo amayambitsa khansa ya chiwindi, makamaka mwa munthu yemwe ali kale ndi matenda a Hepatitis B. Amafooketsa chitetezo cha thupi, ndipo akatswiri amamukhudzanso ndi kupinimbira kwa ana. Amadutsa mpaka mu mkaka wa m'mawere. Akalowa wambiri nthawi imodzi amapha: ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalira atadya chimanga chachuku.

N'zoona kuti takhala tikudya. Koma munthu akamwalira mimba itatupa, maso atachita chikasu, pamaliro sipamveka za mtedza wa zaka khumi zapitazo. Pamamveka za ufiti.

Madera otentha ngati Phalula ali pachiopsezo chachikulu, chifukwa nkhunguyi imalowa mosavuta mbewu ikavutika ndi ng'amba itatsala pang'ono kukhwima, komanso mbozi kapena chiswe zikaboola. Kenaka timaithandiza tokha. Timaunjika chimanga padothi. Timakolola mtedza mochedwa. Ena amawaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe posenda, ena kuti ulemere pasikelo, ndipo chinyezi chimenecho ndi chomwe nkhungu imafuna. Timaika matumba pansi, mogunda khoma, m'nyumba yodontha.

Chochita n'chodziwika. Kololani pa nthawi yake. Yanikani pa mphasa, pa lona kapena pa thandala. Kuti mudziwe ngati chimanga chauma, ikani pang'ono m'botolo lagalasi louma pamodzi ndi mchere wouma, mutseke, mukhutchumule n'kulisiya kanthawi. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, chimangacho chidakali ndi chinyezi, chibwerere padzuwa. Sungani mtedza ndi makoko ake, muzisenda wongofunika. Matumba akhale pa mitengo kapena matabwa, kutali ndi khoma.

Koposa zonse, sankhani. Poizoniyu sakhala mofanana m'thumba lonse, amaunjikana mu njere zochepa: zonyala, zobooka, zosweka, zosintha mtundu, zowawa mukaluma. Tsoka lake, njere zimenezi ndi zomwe timazisinja nsinjiro, chifukwa zabwino zapita kwa venda ndipo zikasinjidwa palibe angaone. Ndiye phala lotendera lomwe alangizi akutiuza kuti limanga thupi la mwana ndi lomwe likumupatsa poizoni. Nsinjiro ya mwana ichoke ku mtedza womwe mukanagulitsa pamtengo wokwera. Ndipo nsinjiro yogula yosinja kale ya m'timapepala, yomwe simunaone mtedza wake, musaikhulupirire.

Ndiye chabwino n'chiti, mgaiwa kapena ufa woyera?

Funsoli lilibe yankho limodzi, ndipo amene amakuyankhani mwachangu samalani naye. Mgaiwa uli ndi zofunika m'thupi zambiri chifukwa gaga ndi mtima wa chimanga zimatsalamo, ndipo thumba limatulutsa ufa wochuluka. Ufa woyera umataya zambiri pokonola ndi poviika mphale. Koma chuku nachonso chimakhala kwambiri ku khungu la njere. Kafukufuku wa akatswiri a m'dziko muno, kuphatikizapo Limbikani Matumba wa ku LUANAR, anaonetsa kuti kusankha ndi manja, kukonola, kupeta ndi kuviika mphale kumachepetsa kwambiri poizoniyu.

Choncho ngati chimanga ndi chanu, munachiumitsa bwino ndipo mwachisankha, gayitsani mgaiwa, makamaka wa phala la ana. Ngati ndi chogula pamsika mu Januwale, chosadziwika komwe chagona, chisankheni, chikonoleni, ndipo madzi oviikira mphale muwataye. Madeya a chimanga chokayikitsa asalowe mumphika, ngakhale njala ikamaluma anthu amathamangira kuchigayo kukagula omwewo.

Chimanga chowola tikapatsa nkhuku kapena kuphikira thobwa ndi mowa, pali vuto?

Lilipo. Nkhuku zimafooka n'kusiya kuikira bwino, ndipo mbuzi kapena ng'ombe yokamidwa imapatsira poizoniyo mu mkaka. Mu thobwa ndi masese amatsalamo ndithu. Chowola chikwiriridwe kapena chitenthedwe.

Nanga mankhwala othira m'chimanga kuti chisafumbwe?

Mankhwala a ufa monga Actellic ndi abwino mukatsata muyeso wolembedwa pabotolo, mukagula ku sitolo yovomerezeka, ndipo mukadikira nthawi yomwe alemba musanadye. Ogulitsidwa m'timapepala topanda dzina pamsika musawayese. Mapiritsi ophera anankafumbwe otulutsa mpweya ndi oopsa zedi, mpweya wake umapha anthu, ndipo si oika m'nyumba yomwe mukugonamo ndi ana. Matumba a PICS, omwe anapangidwa ndi akatswiri a pa yunivesite ya Purdue ku America, ali ndi mapepala awiri apulasitiki mkati mwa thumba lakunja. Mukamanga bwino, anankafumbwe amafa ndi kusowa mpweya popanda mankhwala. Koma chimanga chilowemo chitauma, ndipo makoswe asaboole.

Kuno kwa alimi a thonje pali ngozi ina. Mankhwala opopera thonje akatsala, ena amapopera tomato, repu ndi khobwe, mawa lake n'kuthyola kupita nazo kumsika. Mankhwala aliwonse ali ndi masiku odikira musanakolole, ndipo ena sanapangidwire ndiwo n'komwe. Tomato wooneka ufa woyera pakhungu mutsukeni bwino ndi madzi ambiri. Botolo kapena chigubu cha mankhwala sichitsukika mpaka kuyera, ndiye musasungiremo mchere, mafuta kapena madzi akumwa. Chibooleni kuti wina asachitole.

Soda m'ndiwo amaononga chiyani?

Amafewetsa masamba msanga n'kupulumutsa nkhuni, koma amapha vitamini C ndi mavitamini ena a gulu la B. Pa therere chepetsani. Pa nkhwani, bonongwe ndi mpiru safunika: dulani mutatsuka kale, madzi ochepa, moto wa mphindi zochepa, ndipo msuzi wake musataye. Kadontho ka mafuta kapena nsinjiro kamathandiza thupi kutenga vitamini A.

Mchere gulani wa ayodini, umateteza chithokomiro ndi kuthandiza ubongo wa mwana, ndipo muusunge m'chotsekera. Koma dzanja lipepuke: bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapyole magalamu 5 patsiku, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi. Kafukufuku wa mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu aliwonse m'Malawi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sankadziwa. Matendawa ali kumudzi komwe kuno.

Pa chiwaya ndi pa kanyenya tizidya kapena tisiye?

Idyani, koma ndi maso. Chakudya chochoka pamoto chikutentha sichivuta kawirikawiri. Zovuta ndi za pambali: kabichi ndi tomato wosaphika wodulidwa ndi mpeni womwe wadula nyama yaiwisi, madzi a m'beseni limodzi momwe aliyense wasambamo m'manja, nyama yomwe yagona pachiwaya kuyambira dzulo ntchentche zikuitera, mafuta omwe ada bii chifukwa chobwerezedwa masiku ambiri. Wogulitsa waukhondo amakuthirirani madzi osamba m'manja ndipo pambali pamakhala sopo. Nyama ya nkhumba ipse mpaka mkati, ndipo ya timatuza toyera tonga mpunga musagule. Timatuzato ndi ana a njoka za m'mimba, ndipo mazira a njokazi akafalikira ndi chimbudzi n'kulowa mwa munthu amatha kukafika ku ubongo n'kuyambitsa khunyu.

Mbewa ndi ndiwo yabwino, koma dziwani yemwe wazigwira. Zokumba ndi za pamsampha zilibe vuto zikaphikidwa ndi kuumitsidwa bwino. Zophedwa ndi tameki ndi poizoni.

Chiweto chofa chokha musadye, musagawane, musagulitse, ngakhale mtengo utatsika bwanji. Mu 2018 mvuu zambiri zinafa ndi matenda a anthrax mumtsinje wa Shire ku Liwonde National Park, pafupi pomwe pano. Matendawa amagwiranso ng'ombe ndi mbuzi, ndipo munthu amawatenga posenda kapena kudya nyamayo. Itanani alangizi a ziweto.

Madzi a pamjigo ndi oyera. N'chifukwa chiyani akutiuzabe kuthira klorini?

Chifukwa madzi ambiri amaipa panjira ndi m'nyumba, osati pamjigo. Ndowa yosatsuka, masamba oika pamwamba kuti madzi asatayike, zala zolowa potula, kapu imodzi yotungira ndi kumwera yomwe mwana waitola pansi, zonsezi zimakwana. Mliri wa kolera woopsa kwambiri m'mbiri ya dziko lino unayambira m'boma la Machinga mu Malichi 2022, pambuyo pa namondwe Ana. Unafalikira m'maboma onse, anthu oposa 58,000 anadwala ndipo oposa 1,700 anamwalira.

Thirani klorini wa kwa alangizi a zaumoyo kapena WaterGuard monga mwa muyeso, dikirani mphindi 30. Ngati palibe, wiritsani mpaka abwadamuke. Sungani m'chigubu chakukamwa kung'ono kapena ndowa yovindikira, kapu yotungira ikhale ina, yomwera ina. Mpondagiya pakhomo pa chimbudzi usakhale wongoonetsa alendo, mukhale madzi ndi sopo kapena phulusa.

Mkute nawo, kutentha kwa kuno sikuuchitira chifundo. Nsima, nyemba kapena mpunga wogona uvindikiridwe, ndipo m'mawa utenthetsedwe mpaka nthunzi itatuluka mkati, osati kungofunditsa. Mwana wosakwana zaka ziwiri muphikireni chatsopano. Mango a nyengo ya mvula sayambitsa kolera paokha, monga ena amanenera. Vuto ndi kuwatola pansi n'kudya osatsuka ndi manja osasamba.

Chaka cha njala munthu amadya chomwe wapeza. Pamenepo malangizowa ali ndi ntchito?

Njala siimva malangizo, ndipo si bwino kunyoza munthu amene wakumba mizu kuti ana agone atalawa kanthu. Mu Malichi 2024, ng'amba ya El Niño itapsereza mbewu, boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi, ndipo chaka chomwecho zinamveka kuti mabanja ena ku Machinga ankadya chitedze. Koma ngozi zake ziyenera kudziwika. Chitedze ndi kalongonda zili ndi mankhwala achilengedwe omwe amazunguza mutu, kusanzitsa ngakhale kusokoneza maganizo. Zimafuna kuwiritsa maola ambiri, kutaya madzi kangapo, ndipo si chakudya cha ana aang'ono. Chinangwa chowawa chili ndi poizoni wa cyanide: chisendedwe, chiviikidwe m'madzi masiku angapo mpaka chitafewa, kenaka chiumitsidwe. Njala imapangitsa anthu kudula masikuwa, ndipo m'pomwe banja lonse limagonekedwa m'chipatala. Chigwada nachonso chisinjidwe n'kuphikidwa mokwanira. Mbewu ya chimanga yopaka utoto, yogula m'sitolo kuti mubzale, ili ndi mankhwala, ndipo kutsuka sikuichotsa poizoni. Bowa wosamudziwa musiyeni kutchire.

Ndi zizindikiro ziti zoti ndithamangire nazo kuchipatala osadikira tsiku la sikelo?

Mwana akatupa mapazi onse awiri, moti mukadina ndi chala pamatsala kadzenje, ameneyo sananenepe, akudwala kwambiri. Chimodzimodzi akaonda mpaka nthiti kuwerengeka, akakana kuyamwa kapena kudya, akamasanza chilichonse, akalefuka, kapena maso akalowa mkati. Kutupaku anthu ena amati ndi tsempho n'kuyamba kufufuza yemwe walakwa pakati pa bambo ndi mayi. Mlandu umenewo ungadikire, mwanayo sangadikire. Alangizi a zaumoyo amayeza mkono ndi kalamba kamitundu itatu, ndipo kakafika pofiira mwana amalandira chiponde. Chipondecho ndi mankhwala a mwana mmodziyo, si chogawira abale ake kapena kugulitsa pamsika.

Wotsegula m'mimba, mwana kapena wamkulu, ayambe kumwa Thanzi ORS nthawi yomweyo, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Mwana apitirize kuyamwa ndipo alandire mapiritsi a zinki kwa masiku 10 mpaka 14. Chimbudzi chikakhala chamadzi ngati otsukira mpunga, musadikire kuti kuche: mutengeni wodwalayo kupita naye ku Phalula Health Centre kapena chipatala chilichonse chapafupi, akumwa ORS njira yonse.